Sikirini ya Kumanzere

Lolemba, 3 Malichi

Basi, zakwana. Laputopu iyi yandipweteka komaliza. Matebulo khumi ndi awiri a poka, masewera a makadi obetcherana ndalama pa intaneti, pa kasikirini konga chikhatho, osanjikizana ngati mbale zosatsuka. M'mawa uno ma-eyisi awiri m'manja, makadi oposa onse, munthu wa ku Brazil ataponya ndalama zake zonse pakati. Ndikuti nditaye makadi achabechabe pa tebulo lina, la ma-eyisi n'kudumphira pamwamba. Chala chinali chitadina kale. Ndataya ma-eyisi. Ine Lerma, amene kunyumba amandiitana Day, wa zaka zisanu ndi chimodzi ndikudyera masewera amenewa.

Ndinamenya desiki mpaka Nanay, mayi anga, anatulukira ndi mpeni wa anyezi m'manja. "Day, wamwalira ndani?" Palibe, Nanay. Ndalama basi, mapeso zikwi zisanu ndi zinayi okha.

Ndigula masikirini enieni. Tebulo lililonse pamalo pake, loonekera, losabisala kumbuyo kwa linzake.

Lachitatu, 5 Malichi

Kutentha. Fani ikungotakasa mpweya womwewo.

Masana onse kuwerenga za masikirini. Njira zitatu. Imodzi yaikulu ya mainchesi 32, koma kuti matebulo onse akwanemo manambala amachepa ngati nyerere. Yotambalala yopindika ija, yokongola, mtengo wake wa njinga yamoto. Kapena awiri a mainchesi 27 moyandikana, matebulo asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uko. Ndayeza desiki ndi tepi yosokera ya Nanay. Awiri akwana ndikachotsa maluwa apulasitiki.

Manong Ramil anabwera ndi batchoy, msuzi wa nyama ya nkhumba, wotsala kulesitilanti kwawo, n'kundipeza ndi tepi m'manja. "Ehe, wa juga akukulitsa ofesi." Achimwene anga amenewa, amene Lamulungu lililonse amakasiya ndalama ku ndewu za atambala n'kubwerako akuti tambalayo anali ndi chimfine. Akuti mpando wolandirira ndalama kulesitilanti ukundidikirabe, mlongo wawo ndisafere pa makadi.

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala pa mpando wa eni, choyankhulira kukhutu, azungu akunditukwana chifukwa cha mabilu a foni omwe sindinalembe ine. "Pepani bwana, ndikumvetsa bwana." Tsopano azungu omwewo ndimawapeza m'mawa, kwawo kutada, atatopa, atamwa. Sindipepesanso munthu. Sindikakhala pa mpando wa Manong kumawerengera anthu chenji.

Batchoy yekha anali bwino. Chiwindi chambiri.

Loweruka, 8 Malichi

Ndagula. Awiri a 27.

Wogulitsa, Gerry, bambo wa dazi, wokamba ngati wailesi. Poyamba, akundiitana Tita, ndiye kuti azakhali: "Ndi za mwana wanu wa magemu, Tita?" Ndinati mwana ndilibe, wa magemu ndi amene mukumuonayu. Kenako anafuna kundikankhira zothwanima za anyamata owomberana mfuti. Ndinamuuza kuti makadi sathamanga, ine ndikufuna manambala akuthwa ndi kuwala kosawotcha maso, basi. Ananditsitsira mtengo, n'kuwonjezerapo chingwe chaulere. Ndalama zomwe ndinasungira denga la kukhitchini zapita. Denga lidikire, mvula ili kutali.

M'jipini, minibasi ya kuno, makatoni sakanalowa. Takisi kuyambira kumsika waukulu mpaka kwathu ku Jaro, dalaivala akufunsa ngati ndikutsegula banki.

Ndalumikiza ndekha. Matebulo khumi ndi awiri obiriwira, ndondondo, ngati minda ya mpunga ukamaiona uli m'ndege. Nanay anaima pakhomo nati, "Koma ndiye guwa la tchalitchi." Ndagona mutu uli wopepuka.

Lachiwiri, 11 Malichi

Masiku awiri osadina polakwika ngakhale kamodzi. Manong abwere adzaone.

Koma chinthu chimodzi. Tebulo likafika nthawi yanga limathwanima, ndili ndi masekondi ochepa kuti ndisankhe, apo ayi makina amanditayira makadi. Dzulo zachitika katatu. Lero kasanu. Konseko pa sikirini ya kumanzere, matebulo a kumapeto. Potembenuka ndikupeza makadi apita kale, ena abwino ndithu. Sinathwanime. Ndikulumbira kuti sinathwanime.

Gerry wandigulitsa chowola. Aona.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinaibweza. Gerry anailumikiza pamaso panga, mitundu yonse, ngodya zonse, mphindi makumi awiri. "Tita, iyi ndi yamoyo kuposa ine." Ndinamunena kuti ndi kamberembere. Anangoseka, n'kundinyamulira katoni mpaka pa takisi. Anati ndikayese kuzisinthanitsa.

Ndasinthanitsa. Ya kumanja kumanzere, ya kumanzere kumanja. Ndasewera ola limodzi.

Kumanzerebe.

Ndinatseka matebulo onse. Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma, n'kuphimba diso la kumanja ndi chikhatho. Kalendala ilipo. Zenera la pambali pake palibe. Si mdima ayi. Kulibe chabe, ngati munthu wadula chithunzi ndi lumo. Ndinachotsa dzanja, ndinabwezeranso. Kasanu. Mwina kakhumi.

Nanay anaitana kuti mpunga wapsa. Ndinadya. Ndinawonjezera kawiri kuti asafunse.

Lachitatu, 19 Malichi

Sindinalembe. Panalibe cholemba, kunali kudikira tsiku.

Dokotala Tupas, mayi wamng'ono thupi, wosazungulira. Mutu m'chimakina, batani m'manja, ndidine ndikaona kadontho kowala. Ntchito yanga yeniyeni, kudina chikathwanima. Ndinalephera mayeso a ntchito yanga.

Gulokoma. Madzi a m'diso akufinya mtsempha, mtsempha ukufa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, osapweteka. La kumanzere lapita kwambiri. La kumanja layamba, mbali ya mphuno. N'chifukwa chake zonse zikusowera kumanzere. Pa laputopu sindikanadziwa, zonse zinali patsogolo pa mphuno. Anati, "Chomwe chapita sichibwerera, Ma'am. Tilimbirana chotsalacho." Mankhwala odontheza kawiri patsiku, moyo wonse. Pakatha mwezi aonanso, mwina opaleshoni.

Anafunsa ngati m'banja mwathu alipo. Tatay, bambo anga. Zaka zisanu zomaliza pa mpando wa pakhonde, akufunsa amene wadutsa. Tinkangoti ndi ukalamba.

Ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi ndi sikirini? Anati ayi, si imene yabweretsa, ndizingopumirako ndi kuphethira. Ndinati abwereze, Manong amve. Chifukwa Manong anali pomwepo. Anandiperekeza pa galimoto yawo, akuti ukadonthezedwa mankhwala oyezera suyenda wekha. Kulakwitsa kwanga kwa chaka chino.

Pobwerera, galimoto inafika pa mlatho. Pomwepo Manong: "Waona tsono." Ndaona chiyani, Manong? Ndiye vuto lake limenelo, sindikuona.

Ndawalumbiritsa kuti Nanay asamve. Anasamala wakhungu mmodzi kale, zinakwana. Kwa iwo ndanena kuti ndi za magalasi owerengera. Mankhwala ndabisa m'bokosi la mausi.

Lamulungu, 23 Malichi

Titachoka ku Misa, Manong anandikokera kuseri kwa nyumba. Apeza kale wogula, mnzawo wa ofesi yojambula mapulani, atenga masikirini onse awiri. Mpando wa kulesitilanti, chakudya chaulere, inshulansi. Mawu ofewa, ndipo ndi zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Akanandilalatira bwenzi zili bwino. "Day, Tatay ndinkawanyamula ndine kupita nawo kubafa. Sindikufuna kudzakupeza uli wekha m'chipinda ndi makina." Maso awo ofiira.

Ndikudziwa kuti amandikonda. Koma akundikonzera kale mpando wa pakhonde ndisanafe diso. Ndinati masikirini sagulitsidwa, ndipo akadzabweranso ndi wogula ndidzagulitsa atambala awo kwa wowotcha nyama.

Masana onse pa desiki ndi sikuludiraiva. Kuyesa.
Ina pamwamba pa inzake, pa mabuku a Tatay: khosi linauma pa mphindi khumi.
Onse awiri kukankhira kumanja, mpando mopendeka: msana.
Pomaliza: imodzi patsogolo penipeni, yogona. Inayo kumanja, yoimirira ngati chitseko. Kumanzere khoma lokha.

Khumi ndi awiri sakukwana ndikawakulitsa mmene ndikufunira. Asanu ndi atatu. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana nambala imeneyo. Matebulo anayi ndi gawo limodzi mwa atatu la chakudya cha nyumba ino. Chabwino. Ndisewera ochepa, ndiwasewera bwino. Ndayatsanso kabelu kolira nthawi yanga ikafika, kamene ndinkati ndi ka ophunzira. Makutu ndili nawo awiri.

Lachiwiri, 25 Malichi

Maola asanu ndi limodzi. Palibe tebulo landithawa. Ngakhale limodzi. Ndinagwira mzungu wina akunama ndi makadi opanda kanthu, ndinamuvomera ndi ma-seveni awiri, analemba zotukwana. Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Ndi matebulo ochepa ndikuwaona anthu bwino, ndani wamantha, ndani waludzu.

Ndatumizira Gerry uthenga wopepesa. Wayankha, "Tita, mukadzalemera mudzagule yopindika ija."

Mankhwala amaluma. Botolo ngati chala, mtengo wa thumba la mpunga.

Potuluka kubafa ndinagunda felemu ya chitseko ndi phewa la kumanzere. Chitseko chomwe ndadutsapo kuyambira ndili mwana. Ndinakhala pansi pomwepo kanthawi. Sindinalire. Pang'ono.

Mawa faifi koloko, monga mwa masiku onse.

Lachisanu, 28 Malichi

Lero cha m'ma naini, masewera ali pakati, ndinamva fungo la khofi. Ndinaganiza kuti likuchokera kukhitchini. Ndinapitiriza. Makadi ena, enanso, kabelu, kudina. Kenako kambale kanalira pang'ono, pafupi kwambiri. Ndinatembenuza mutu.

Nanay. Kumanzere kwanga, pafupi moti ndikanawagwira chigongono. Kapu m'manja, khofi atasiya kale kufuka. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Sanali kuyang'ana masikirini. Ankayang'ana ine.

Ndinayamba kunena kuti ndinatanganidwa, maganizo onse anali pa makadi. Anandidula. "Ndinakugwedezera dzanja katatu, Day. Bambo ako ndinawayesa chimodzimodzi."

Matebulo akulira onse asanu ndi atatu. Ndinawasiya alire.

Ndinadikira kuti alire iwo, kapena anene za Manong ndi mpando wawo. Ndinali nditakonzeka kale kukangana. Anaika kapu pansi, anatuluka. Ndinamva chinthu chikukwekwerezeka pa simenti. Mpando wawo wosokera, wolemera uja. Anaukoka okha, anakana kuti ndithandize, anazungulira nawo kumbuyo kwanga mpaka kumanja, pambali pa sikirini yoimirira. Anakhala, anatulutsa nsalu ndi singano.

"Kuyambira lero ndizikhala mbali ino. Mankhwala ako ndawaika m'firiji, pa pepala pake alemba kuti asatenthedwe. Tsono ukudikira chiyani? Azungu ako akuthawa."

Ndinatsegulanso matebulo. Manambala sankaoneka bwino, koma limenelo silinali vuto la Dokotala Tupas.

Akadali pomwepo pamene ndikulemba. Akuti ulusi ndiwalowetsere ndine, iwo sakuona.