Nsomba pa Nsanjika ya 31

4 Juni

Makiyi ndalandira. Nsanjika ya 31, zipinda ziwiri, zikepe zinayi. Lendi ikudya theka la malipiro anga. Koma Aai, mayi anga, akatuluka m'chipatala ndi bondo lochitidwa opaleshoni sangathe makwerero a nyumba yathu kumudzi wa asodzi. Mudziwo ndikuuona pansipo, m'mphepete mwenimweni mwa Mumbai. Mabwato onse ali kumtunda poti mvula yayamba.

A Doshi, wapampando wa komiti ya nyumbayi, anandifunsa kawiri: "Nyama, nsomba, mazira, simudya eti, mwana wanga? Muno sitiphika chamoyo." Ndinati sindidya. Ndinasaina. Ine, mwana wa mayi amene wagulitsa nsomba zaka makumi atatu.

19 Juni

Aai afika. Milungu iwiri m'chipatala, komabe asanalowe m'chikepe ananunkhiza zikhato zawo, kuti amve ngati zikununkhabe nsomba.

Ndawauza za pepala ndinasaina lija. Anaseka. "Sayali, yunivesite yonse ija kuti uzidya masamba ngati mbuzi?"

Mazenera a muno amangotseguka kampata kolowa dzanja.

2 Julayi

Mpunga ndi mphodza. Mphodza ndi mpunga. Aai akusiya theka. Adokotala akuti bondo silichira munthu asakudya.

Hemlataben, mkazi wa a Doshi, anabwera kudzawazonda ndi maswiti a mkaka. Ndi munthu wabwino, n'chifukwa chake zikupweteka. Anafunsa ntchito imene Aai ankagwira. "Ndinkagulitsa maluwa, achemwali." Anayankha okha Aai, osaphethira n'komwe.

Bodza langa tsopano akusenza ndi iwo. Sindinawapemphe. Kapena ndinawapempha pokhala chete?

21 Julayi

Ndinaweruka masana, mutu ukupweteka. Pabalaza palibe munthu. M'bafa fani ikulira, chitseko chokhoma. Aai atatsegula: thaulo lotsekera mpata wa pansi pa chitseko, pampando wosambira kachitini ka nsomba zouma zokazinga. Amalume Bhaskar, mlongo wawo, ndi amene amawabweretsera ine ndili kuntchito. Aai amadyera mmenemo, ngati wakuba, m'nyumba ya mwana wawo.

"Usaope, fungo silituluka. Ndinayesa kale."

Ndinangotola thaulo lija n'kulipinda.

30 Julayi

Banja la pansanjika ya 12 lauzidwa kusamuka mwezi ukatha. Makoko a mazira m'bini. Wandiuza ndi mlonda, akuseka.

Aai akufuna kubwerera kumudzi. Bondo silinayambe kupinda bwino. "Bola kugwa pamakwerero kusiyana n'kubisala." Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri, kalata ya a Doshi yotisamutsa kapena makwerero aja. Mwina ndimangoopa basi. Ndinabadwa choncho.

9 Ogasiti

Tsiku loponya kokonati m'nyanja kuti mabwato ayambenso ulendo. Chibadwire Aai sanajombepo. Lero aonera pazenera, chipumi pagalasi. Anthu athu ngati nyerere zofiira ndi zachikasu. Ng'oma sizifika kuno.

Sanadye.

11 Ogasiti

Amalume abwera mmawa ndi dengu la maluwa achikasu. Mlonda sanafunse kanthu. Pansi pa maluwa, nsomba yoyamba ya bwato lathu. Kwathu imeneyo imadyedwa ndi Aai, poti ndiwo aakulu.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ibweze, Sayali. Usataye nyumba chifukwa cha mimba ya nkhalamba."

Ndinaitenga. Mchere, tsabola, bwemba, monga anandiphunzitsira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Manja anga akukumbukabe. Thaulo pachitseko sindinaike. Mbale ziwiri patebulo, pafupi ndi zenera. Mafuta atalira, fungo linadzaza nyumba, n'kutulukira kukhonde la zikepe.

Aai adya yonse, ndi mutu womwe. "Mchere wachepa," anatero, akunyambita zala. Chiyambire Juni ndinali ndisanawaone akuseka ndi maso.

Tikagona kuti mwezi wamawa sindikudziwa. Nyumba yokhala ndi chikepe si muno mokha, ndikudziuza choncho.

Belu likulira, kachitatu tsopano. Mawu a Hemlataben, ndi a Doshi kumbuyo kwawo. Aai anafuna kubisa mbale, ndawagwira dzanja.

Ndikukatsegula. M'manja sindisamba.