Phazi la azakhali Elesi

LACHIWIRI

Azakhali Elesi, 09:12
ndati nsapato zotseka iwe. osati zoonetsa zala ngati za atsikana apa msika wa kapata

Loveness, 09:15
kkkk azakhali inu zotseka? moyo wanu wonse ndi patapata. size yanu ndi chani

Azakhali Elesi, 09:18
[mawu ojambula 0:44]
Saizi ndiye chiyani? Iwe Lave, Lusaka yakuiwalitsa. Ife tinkathyola phesi, kuyesa phazi, n'kupatsa atate ako apite nalo ku salaula, kogula zovala ndi nsapato zakale. Chaka chija cha chimanga chachikasu anakwera lole ndi phesi lako m'thumba la jekete. Mbuzi ya munthu ili pambali, yadya theka, iwo ali mtulo. Anakubweretsera tinsapato ta khanda, iwe uli giredi fili! Unalira mpaka Chiparamba yonse inabwera kudzafunsa wamwalira ndani.

Loveness, 09:21
😂 ndinatisunga pa window mpaka form 2. koma phesi silidutsa pa foni. jambulani pansi pa phazi, pambali muike bokosi la machesi ndione kutalika

Azakhali Elesi, 09:40
[chithunzi]
ilo phazi la mayi wa mkwati. ukwati wa yosefe wanga ndikavine ngati munthu

Loveness, 09:41
chakuda icho pachidendene ndi chani?

Loveness, 09:46
azakhali

Loveness, 10:02
[foni yosayankhidwa]

Azakhali Elesi, 13:20
ndinali kukumba nshawa. ndi matope chabe

Loveness, 13:21
matope sakhala chonchi. chayamba liti? chikukula?

Azakhali Elesi, 13:25
iwe si dokotala wa mutu? wasika bwanji kumapazi

Loveness, 13:31
sine dokotala, ndili pa research ya mutu waching'alang'ala. timaona mitsempha ya m'mutu ndi mmene magazi akuyendera m'khosi. koma office ya pafupi amafufuza khansa ya pakhungu, melanoma. kwa ife akuda imakonda kutulukira pansi pa phazi. chithunzi ndamuonetsa Christine, mnzanga wa kumeneko. akuti muonedwe week ino. pls

Azakhali Elesi, 13:44
[mawu ojambula 1:10]
Za m'khosizo usandiphunzitse, ndinayamba ndine iwe usanadziwe kupukuta mamina. Nainte-fo kunabwera a kafukufuku ku mishoni, ati onse odwala mutu bwerani. Ine mutu unali bwinobwino, koma ndinamva kuti akupatsa zakumwa ndi banzi. Ndinamanga duku pamphumi, ndikuyenda chobuula, mai ine, mai ine. Anatipaka zoterera pakhosi ngati therere, n'kuikapo kachitsulo. Makina awo ati fyuu, fyuu, fyuu. Mzungu ati, amayi, amenewo ndi magazi anu akupita kumutu. Ine ndati iyayi bwana, ndi banzi ikutsika. Nesi anaseka mpaka anamutulutsa panja.

Loveness, 13:47
kkkk inu simudzasintha. koma musandizembe

Loveness, 13:48
atate analiponso tsiku limenelo eti? ndimakumbuka akupolisha nsapato pakhonde

Azakhali Elesi, 15:36
[mawu ojambula 1:32]
Analipo. Mlongo wanga Bonifasi yekha ndiye mutu unkamupwetekadi, mphini mbali zonse ziwiri. Tsiku limenelo anavala jekete la ku tchalitchi ndi nsapato zake zakuda za pa Pasaka. Ati kwa dokotala sapita ngati wopita kudimba. Anandikweza panjinga, akuimba nyimbo za kwaya njira yonse, akupalasa ndi zala za phazi chifukwa chidendene chinali chitayamba kale. Chakuda, atachikulunga kansalu mkati mwa sokosi. Anamupima khosi, anamuunika m'maso, anamufunsa amagona bwanji. Nsapato sanavule. Ndinamunong'oneza kuti aonetse, iye ati aitana a mutu, ukavulire alendo phazi lonunkha? Kumudzi tonse tinkati anaponda mankhwala pamalire a munda. Nainte-sikisi tinamuika.

Loveness, 15:45
ine munandiuza kuti anabayidwa ndi chitsa

Azakhali Elesi, 15:47
unali mwana

Loveness, 15:48
nde zotseka mukufunazi ndi za chimenecho

Azakhali Elesi, 15:55
anthu akachiona pa ukwati ayamba kunongona za bonifasi. ndikufuna aziyangana chitenje changa. ukwati ukatha ndibwela

Loveness, 15:57
ukwati ndi august azakhali. ino ndi may. Christine akuti chimakula cholowa mkati, sichidikira. akachichotsa msanga anthu amachira

Azakhali Elesi, 16:03
akadula phazi ndivina ndi chani. ndi makutu?

Loveness, 16:09
sindikunamizani, sindikudziwa kuti achotsa pokula bwanji. ayamba atenga kachidutswa akapime. mwina sichimenecho n'komwe

Loveness, 16:10
koma wondiuza za atate mwatsala ndinu nokha

Loveness, 16:40
azakhali?

LACHITATU

Loveness, 06:55
mwadzuka bwanji

Loveness, 08:20
ndapempha leave. ndili mu bus ya chipata. mawa 8 hrs ndidzakhala pa gate ya chipatala chachikulu. mubwere musabwere ine ndili pomwepo

Azakhali Elesi, 12:14
[mawu ojambula 0:52]
Makani amenewa ndi a atate ako enieni. Paja tsiku lina anakangana ndi abambo mfumu pa nkhani ya belu. Ati belu la tchalitchi likulira mofulumira, anthu sanamalize kumwetsa ng'ombe. Anakhala pansi pa mtengo wa belu kuyambira m'mawa, osadya, mpaka abambo anatuluka ndi tiyi, ati Bonifasi wapambana, imwa. Iwe unali pamsana panga ukudya duku langa. Ukadutsa pa Katete undigulire nthochi.

Loveness, 12:16
ndigula. mubwera?

Loveness, 14:50
nthochi ndagula

Loveness, 17:05
ndafika. Yosefe sindinamuuze kanthu, mudzamuuza nokha

LACHINAYI

Loveness, 07:48
ndili pa gate, ndavala jersey yofiira

Loveness, 08:30
mwanyamuka?

Loveness, 08:57
[foni yosayankhidwa]

Loveness, 09:15
sindichoka

Azakhali Elesi, 09:31
[mawu ojambula 0:29, phokoso la minibasi]
Leka kundiimbira ngati ndaba nkhuku, anthu akundiyang'ana muno. Taima panjira, kondakitala akukangana ndi mayi wa makala. Iwe kondakitala, tiye, ena tikudikiridwa ndi boma! Lave, uwauze anzakowo akonzeke. Ndasambitsa phazi limodzi lokha, lomwe akufuna kuona. Linalo akalifuna abweretse sopo wawo.