Dzina la Luciano

Okondedwa azakhali aZakia,

Wandilakwira ndi Wadi. Koma ndiyambe ndafunsa moyo: muli bwanji ku Chiponde? Kuno kwa Mponda tilipo, kupatula Estela, wothawa nkhondo timasunga uja. Sakudya.

Loweruka ndinamutengera ku vidiyo kuti akasangalaleko. Akuonetsa matepi a ngwazi youluka, yonyamula sitima ndi dzanja limodzi. Tsikulo mng'ono wake wa ngwaziyo anafa, iyo n'kukhala pansi kumalira. Anyamata anakuwa kuti akufuna nkhonya, osati maliro. Wadi, amene amamasulira Chingerezi n'kumapatsa anthu a m'kanema mayina akuno, anafuna kuwaseketsa. Amvekere, "Ogo! Luciano watsala m'njira!" Holo yonse inafa nacho chiseko.

Luciano ndi mwana wa Estela amene anafera m'njira pothawa. Wadi akudziwa zimenezo, amadya m'nyumba mwathu.

Estela anangondinong'oneza kuti, "Wamphamvuyonso amalira, wamuona?" n'kutuluka.

Anyamata akuti m'tepi yotsatira ngwaziyo yadzuka itakhwima mtima. Estela akadali pamphasa.

Auzeni amalume asavutike kupalasa njinga kubwerera za ukwati wanga ndi Wadi zija. Musandifunse, nkhaniyi sindidzailankhulanso.

Ndine mwana wanu,
Ajira