Vaneti imazima amayi anga akakwera

Aphungu,

Ndithandizeni, banja langa likugwedezeka chifukwa cha galimoto. Amuna anga, ba Dingani, ali ndi vaneti yakale imene anawasiyira bambo awo. Chiwachotsereni ntchito kukampani, tonse timadyera yomweyo. Amaikonda kuposa ine, sindikunama. Petulo atayamba kusowa, akuba anatibera chotsekera cha pathanki n'kupopa mafuta onse. Kuyambira pamenepo amatseka ndi pulasitiki n'kumanga ndi malegeni zolimba, moti ngakhale nyerere singalowe.

Muno mukomboni ya Mtendere imayenda bwinobwino, kunyamula makala ndi mchenga. Nkhani ili Lachisanu, tsiku limene amatenga amayi anga, ba Maud, kupita ku Chongwe kukapikula tomato wogulitsa pamsika. Akangoyenda kamtunda, injini imayamba kutsokomola, mphamvu n'kutha, kenaka zii. Amayi amatsika kukakhala pamthunzi. Ba Dingani amamasula pathanki kusuzumira ngati mafuta atha, n'kupeza alimo. Akaliza, yalira ngati yatsopano. Amayi akwera, patsogolo pang'ono zomwezonso.

Mapulagi tinasintha. Makaniko anaizungulitsa mukomboni ndipo sanapeze kanthu. Ndiye mnzawo wa kumowa, ba Kasoma, anawauza kuti, "Iwe, suona? Ilira ngati apongozi ako aseluka. Ni vinthu va kumudzi ivi." Tsopano amuna anga akuti amayi asadzakwerenso. Amayi anga ndi a Chigwirizano kutchalitchi, ndipo sakudziwa kuti akunenedwa ufiti. Ndikawauze chiyani Lachisanu likudzali? Mtima ukundiwawa.

C. M., Mtendere, Lusaka

Mwana wanga,

Pukutani misozi, mfiti ndaipeza. Ndi malegeni aja.

Thanki imafuna kupuma. Chotsekera chenicheni chimakhala ndi kanjira kolowera mpweya, kuti mafuta akamachepa mpweya uzilowa m'malo mwake. Amuna anu anaitseka pakamwa ndi mphuno. Maulendo a mukomboni ndi aafupi, galimoto imafika isanabanike. Wa ku Chongwe ndi wautali, ndiye pampu imakoka mafuta koma sabwera, monga mmene zimakhalira mukamayamwa botolo la pulasitiki mpaka litafinyika. Galimoto imadzukanso chifukwa iwo amasula pathanki, osati chifukwa amayi atsika. Tsoka la amayi anu n'lakuti ndi iwo okha amene ali ndi ulendo wautali.

Musakangane nawo, amuna sakonda kugonja pakamwa. Auzeni apite ku Chongwe Lachinayi opanda amayi, ndipo pampando paja akhale ba Kasoma. Ikazima, atchere khutu pomasula. Akamva kuti fyuu, mpweya ukulowa, mlandu watha. Kenaka muwafunse ngati ba Kasoma nawonso ali ndi vinthu va kumudzi.

Akatero akafune chotsekera choyenera galimoto yawo kwa ogulitsa zitsulo zakale, makamaka chokhala ndi kiyi kuti akuba agwe mphwayi. Ikapitirizabe kufooka, asinthe sefa ya mafuta. Petulo wa m'zigubu amene tikugula masiku ano amabwera ndi zinyalala ndiponso madzi. Aonetsenso mapaipi a mafuta ngati sanang'aluke. Ndipo chonde, asasuzumire muthanki ndudu ili pakamwa, ndikufuna mukalambe muli pabanja.

Koma ndikuchenjezeni chimodzi. Musathamangire kukauza amayi zimene ananena mkamwini wawo, ndipo ba Dingani akatseke pakamwa pa mnzawoyo nkhani isanafike pamsika. Lachisanu akawatenge monga mwa masiku onse, awakhazike kutsogolo, tomato awatsitsire okha. Galimoto idzachira tsiku limodzi. Koma mayi wogulitsa tomato akangomveka kuti ndi mfiti, palibe adzagulenso pathebulo pake.

Aphungu