Chitenje Chanu Chili Kudenga

Zolozolo, Mzuzu
16 Novembala 2009

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu ndi wa onse kumeneko ku Malomo. Kodi bondo lija likupwetekabe? Nanga mvula yagwa yodzalira? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Mpongozi wanu Tamara ali bwinoko, ndipo Wiza wanenepa moti masaya akufuna kutseka maso.

Pa 2 mwezi uno ndinakulemberani kalata yokupemphani kuti mubwere mudzatenge Tamara ndi mwana akakhale kumudzi. Ngati yafika, musakwere basi. Amalume a Amos akuwerengereni kaye iyi mpaka kumapeto.

Paja mukudziwa kuti Wiza anabadwa ndi opaleshoni. Bala la Tamara linachedwa kupola, linachita mafinya, ndipo kuchipatala anamuletsa kubereka mwana kumsana mpaka chaka chatsopano. Tsono mwanayu sagona pansi. Ukamuika pamphasa amalira ngati wamutsina, iye amafuna kugwedezeka basi. Ine sindingamuyangate tsiku lonse, chifukwa njinga yanga ya sakaramento, yonyamula anthu ija, ikaima, nafenso sitidya.

Nyumba tikukhalayi ndi mdadada wa zipinda zisanu. Kale munali ife a maganyu okhaokha, koma yunivesite yakula, ana asukulu sakukwana m'kati, ndiye zipinda zinayi alowamo iwo. Mmodzi ndi mtsikana dzina lake Judith, khoma lake ndi lathu ndi limodzi. Anakadandaula kwa eni nyumba, a Stanford, kuti mayeso ayandikira koma sakutha kuwerenga. A Stanford anabwera mwaulemu, ndi monire wawo, nkundiuza kuti mwezi ukatha phokoso lilipobe tipeze kwina, poti ofuna chipindachi ndi ambiri. Kwina kuti, Amayi? Mzuzu wa lero ukamafuna chipinda amayamba akufunsa ngati ndiwe wa payunivesite. N'chifukwa chake ndinalemba kalata ija.

Loweruka pa 7 ndinanyamula bambo ena ku Katawa, a Overtoun, mphunzitsi wa payunivesite pomwepo. Anali ndi bokosi la makina oonetsera kanema pakhoma. Anati ndidikire maola awiri kuti ndiwabwezenso kwawo. Titafika ku yunivesite mvula inayamba, ndiye anandiitanira m'holo, nati akuonetsa ana asukulu filimu ya ku India.

Ine ndinakondwa, ndimati ndiona zija za m'mavidiyo sho a kuno, anthu zana kuvina paphiri, munthu mmodzi kumenya anthu makumi awiri malaya osada. Ayi ndithu. A Overtoun anaphunzira ku India, ndiye anafotokoza kuti dziko lija lili ndi zilankhulo zambiri, monga kuno tili ndi Chitumbuka, Chitonga ndi Chingonde. Mafilimu timawadziwa aja ndi a anthu a ndalama. Koma kulinso timafilimu ta m'zigawo, topangidwa ndi anthu ochepa ndi ndalama zosonkherana, m'chilankhulo cha komweko. Iyi inali ya kum'mwera, chilankhulo chake akuti Malayalamu. Chimbale chake mumsika simungachipeze, iwo anachita kubwera nacho m'chikwama.

Filimu yake yozizira bwanji. Munthu kupalasa bwato mpaka kalekale osalankhula. Mawu a Chizungu amalembedwa m'munsi, koma ndi Sitandade 5 yangayi ndikamati ndigwire liwu loyamba, mzere wapita kale. Ndinayamba kusinza.

Kenako ndinaona mayi wina m'filimumo, mwana wake akulira ngati Wiza yemwe. Sanamubereke ayi. Anamugoneka m'nsalu yaitali yomangidwa kumtanda wa denga, nkukankha ndi phazi kamodzi. Nsalu inayamba kupita uku ndi uku, mwana zii, mayi nkumapitiriza ntchito yake. Tulo tonse tinandithawa. Kuyambira pamenepo sindinayang'anenso nkhope ya munthu, maso anga anali pa mfundo ya chingwe ndi pa kamtengo kopingasa kotsegula nsalu kuti mwana azipuma bwino.

Itatha, ana asukulu ena amapukuta misozi. A Overtoun anafunsa ngati pali mafunso, ndipo anayamba kuponyerana Chizungu chakuya. Ine ndinakweza dzanja nkufunsa m'Chichewa kuti nsalu ija anaimanga bwanji kumwamba kuja. Holo yonse inaseka. Wina kumbuyo anati wasakaramento akufuna azipachika makasitomala. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

A Overtoun sanaseke. Anati, "Adada, bwerani kutsogolo kuno muone bwino." Anabweza filimu katatu, nkuiimitsa pa mfundo pomwepo, ine ndikujambula pa kachikatoni ka sopo.

Apa ndiye ndiulule. Chitenje chatsopano chija munatumiza kuti chikhale mbereko ya mdzukulu wanu, ndinakachilumikiza ndi cha Tamara kwa telala, ndipo pano chili kudenga. Ndinagula chingwe cha nayiloni, pakati ndinaikapo mphira wa chubu cha njinga wopinda kanayi kuti chizifewa pogwedezeka. Tsiku loyamba sindinaikemo mwana. Ndinaikamo njerwa zisanu ndi imodzi, zinakhala momwemo mpaka mawa lake. Tamara amangoti ndazungulira mutu, mwana si chimanga cha mbewu choti n'kupachika. Lachiwiri atapita kusikelo anafunsa anamwino. Iwo anati nsaluyo ikhale pafupi ndi pansi, pansipo pakhale matiresi, mwana agone chagada, masana okha, munthu ali pomwepo. Zonsezo tinatsata.

Amayi, Wiza anagona maola atatu. Tamara anamanga kachingwe kuchala chakuphazi, manja akusankha nyemba, phazi likukoka. Ndipo chigonereni bwino masana, usiku sakuvutanso ngati kale.

Lachinayi Judith anagogoda ali ndi nkhawa, kufunsa ngati mwana wadwala kapena tamutumiza kumudzi, poti sakumumva. Ataona nsalu ija anagwira pakamwa. Anali m'holo muja, ndipo anavomera yekha kuti anaseka nawo. Iye yemweyo ndiye anapita kwa a Stanford kukachotsa dandaulo lake. A Stanford anabwera, anakoka chingwe kuyesa mtanda wawo, nkunena kuti yewo, khalani, bola musandigwetsere denga.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Tamara anandifunsa kuti filimuyo imakamba za chiyani, ine nkuvomera kuti sindinaitsatire. Anandiseka kuti munthu kukhala maola awiri nkubwerako ndi mfundo ya chingwe yokha. Judith atamva anakabwereka chimbale chija kwa a Overtoun, ndipo dzana masana tinaonera pa kompyuta yake m'chipinda mwathu. Tamara paja anafika Fomu 4, ndiye amawerenga Chizungu chija nkumandiuza.

Nkhani yake ndi iyi. Bambo wa mwana uja zinthu zitamuvuta, anatumiza mkazi ndi mwana kwa makolo, nkunena kuti ndi mwezi umodzi wokha. Mwezi unasanduka zaka. Pamene anapita kukawatenga, mwana anabisala kumbuyo kwa amake, osamudziwa. Kumapeto bamboyo ali yekha m'nyumba, akukankha nsalu ija ndi phazi, m'kati mulibe kanthu. Apa ndi pamene ana asukulu aja amalira ine ndili kalikiliki ndi mfundo.

Ndinatuluka panja ngati ndikukaona njinga. Judith atapita, ndinamuuza Tamara za kalata ya pa 2, imene ndinalemba osamufunsa. Phazi lake linapitiriza kukoka chingwe. Kenako anati, "Lembani ina. Muwauze amama abwere ngati alendo, ine ndi Wiza pano sitichoka."

Kalata yake ndi imeneyi. Mundikhululukire pokuvutitsani mtima, mantha ndiwo anandilembetsa ija. Bwerani pa Khirisimasi mudzaone mdzukulu wanu, koma musabwere kudzatenga munthu. Amayi awiri a ku Chibanja andipempha kale kuti ndikawamangire zawo, ndipo a Overtoun akuti Loweruka likubwerali ndikaonetse nsaluyi m'holo muja filimu ina isanayambe. Ndikaima kutsogolo ine wa Sitandade 5, ndipo ndikufuna uja wa makasitomala akakhale pampando woyamba.

Mupereke moni kwa amalume a Amos, kwa achemwali ndi ana, ndi kwa onse a kumpingo. Tamara akuti yewo chomene chifukwa cha chitenje. Musadandaule nacho, sichinang'ambike. Chikubereka mdzukulu wanu monga munafunira, kungoti msana wake ndi denga la a Stanford.

Ambuye akusungeni mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Boniface