Mtengo wa Ulendo Wobwerera Kwathu

Okondedwa achemwali,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Bondo lija munkadandaula nalo linaleka kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti kukhalapo kwake ndi kwa munthu wamkulu. Miyendo imatupa dzuwa likafika pamutu, ndipo maso ayamba kuchita chifunga.

Kalata yanu ndinalandira mwezi watha. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinapsa mtima, ndipo sindinafune kugwira cholembera mtima uli m'mwamba. Mwandiuza kuti Chitsiriza wathu akulengeza kwa abale kuti ine ndine woumira, akuti ndalama zikuchita nkhungu ku banki koma ndinamana mwana wake yogulira njinga yamoto. Zoona, ndinamumana. Koma poti inu ndinu mwatsala wamkulu pakhomopo, ndikufuna mudziwe chimene ndalamazo zakhala zikudikira.

Mukukumbukira chaka chimene alamu anu, mkazi wanga, anatisiya. Tsiku limenelo m'thumba mwanga munali ya lendi yokha. Ndinapita kwa eni magalimoto onyamula maliro, ndipo mtengo umene anatchula unali malipiro anga a miyezi isanu. Ndinaimbira Chitsiriza kuti andithandize. Anandiyankha kuti dothi ndi limodzi paliponse, ndingowaika konkuno. Apo n'kuti atangokhoma malata amene ndinatumiza ine, pa nyumba imene ndinamangitsa ine.

Alamu anu tinawaika kumanda a m'tauni, tili anthu asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa iwo anali okumba olipidwa. Pamanda pawo pali kachitsulo kolembedwa nambala. Chaka chatha ndinasochera pakati pa mitumbira, mpaka woyang'anira manda ndiye anatsegula buku n'kundilozera mkazi wanga.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ine sadzandiika ndi nambala. Ndinatsegula maakaunti awiri. Imodzi ndi yodyera, imene malipiro amalowa lero mawa n'kutuluka. Inayo ndi yosungira, ndipo khadi yake ndinaisokerera m'thumba la jekete yakuda ija kuti njala ikandinyengerera ndiyambe ndafuna lumo. Zaka khumi ndi chimodzi sindinasololepo ulusi umenewo.

Mtsikana wa pa kauntala ku banki, waulemu ndithu, anandiuzapo kuti munthu asunge zokwana kudya miyezi itatu, ena amati isanu ndi umodzi, ndiye kuti angakhale ndi mtendere. Mnzanga amene amayendetsa makina ochapira kuntchito kwathu sasunga ngakhale yogulira machesi, koma ndi wonenepa ndipo amaimba tsiku lonse. Amandiseka kuti ine ndikudyetsa banki pamene lamba wanga ndikuboola mabowo atsopano. Aliyense ali ndi muyeso wake. Wanga sunali wa miyezi. Unali mtengo wa bokosi ndi galimoto yondifikitsa pafupi ndi mayi ndi bambo.

Chaka chilichonse, mwezi umene alamu anu anamwalira, ndimavala jekete ija n'kupita ku galaja ya magalimoto a maliro kukafunsa mtengo. Eni ake timawatcha a Chipewa, poti savula chipewa ngakhale akugona pansi pa galimoto. Amati pa makasitomala awo onse ndine ndekha amene ndimabwera ndi miyendo yanga kudzanenerera, ndipo akandiona pa geti amakuwa kuti malemu afika, apatseni mpando. Ine sindiseka. Ndimalemba mtengowo kuseri kwa kalendala, n'kuyamba kuuthamangitsa. Ndikati ndatsala pang'ono kuupeza, mafuta akwera, nawo wasuntha.

Tsopano imvani za kuntchito. Mukudziwa kuti ndakhala ndikusita zovala za anthu zaka makumi atatu, chiimire, nthunzi ili kumaso. Sabata zitatu zapitazo simbi inakhalitsa pa kolala ya malaya oyera a kasitomala, n'kusiya chipsera. Sizinandichitikirepo chiyambire. Abwana sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anandiitanira mu ofesi, anandipatsa mpando, nandiuza mofatsa kuti ndakalamba, ndimalize mwezi wamawa basi.

Nditatuluka mmenemo sindinadikire mwezi wake. Ndinalunjika kwa a Chipewa. Mtengo umene anatchula ulendo uno unandikhazika pa tayala lakutha limene linali pamenepo. Ndinawauza zonse zimene ndili nazo, osabisa. Anawerengera ndi chala pa fumbi la galimoto, nandiuza kuti ndi ndalama imeneyo angandifikitse theka la njira, kwinako ndidzayende ndekha.

Kenaka anasiya nthabwala. Anandifunsa ngati ndinafunsapo mtengo wa basi. Anati wamoyo amalipira mpando umodzi, koma womwalira amalipira galimoto yonse, dalaivala, ndi mafuta obwerera. Anati ndalama imene sikukwana kundinyamula nditagona ingandinyamule ka makumi awiri nditakhala tsonga. Anawonjeza kuti iwo akudziphera okha malonda pondiuza zimenezi, koma atopa kuona mkulu mnzawo akusungira mtembo chakudya cha munthu wamoyo.

Ndinanyamuka osatsanzika. Ndinayenda wapansi ndili ndi ukali, koma miyendo inandipititsa ku depoti. Ndinafunsa pa zenera la matikiti. Achemwali, munthu uja sananame.

Zandiwawa. Zaka zonsezi ndamwa tiyi wopanda shuga, ndayenda wapansi mvula ikugwa, ndamana mwana wa m'bale wanga, zonsezo kuti ndidzabwere kwathu ndili m'bokosi. Nzeru yobwera ndikupuma sinandifikepo, kapena inkafika koma ndinkaibweza, chifukwa kubwera wamoyo ndiye kuti kukaonana maso ndi maso ndi Chitsiriza. Womwalira sapereka moni kwa munthu. Mwina n'chimene ndinkafuna.

Musaganize kuti ndaiwala. Mawu aja akuti dothi ndi limodzi adakali pakhosi panga ngati munga wa nsomba. Koma kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo lendi ya kuno sindingaikwanitse ntchito ikatha.

Dzulo ndinasolola ulusi uja. Ndatapako yoti amisiri aike mwala pamanda a alamu anu, wolembedwa dzina lawo lonse ndi mudzi wa kwawo, kuti ndikachoka asatsale ali nambala. Kuwasiya okha kuno ndicho chikundilemera koposa. Zotsalazo, ndikachotsa ya basi ndi ya katundu, zingandidyetse miyezi isanu ndi umodzi ngati sindidwala. Mtsikana wa ku banki uja angati ndakhoza. Kaya mtendere wake ndi umenewu, ine sindikuumva, koma ndi zimene zilipo.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa Chitsiriza, inuyo ndi miyendo yanu, osatuma mwana. Mukamuuze kuti m'nyumba ija ndikufunamo chipinda chimodzi, chija chili ndi zenera loyang'ana kotulukira dzuwa, chimene ndamva kuti amasungiramo matumba ndi makasu. Sindikulanda nyumba, ngakhale aliyense akudziwa mwini malata. Sindikufunanso kuti abale akhale pansi kutiweruza. Akafuna kupepesa, makutu ndili nawo. Akapanda kutero tizidzangopatsana moni wa m'mawa, nazonso ndi zokwanira anthu okalamba. Ine sindingamupemphe ndekha, pakamwa pangakane.

Mundiyankhe mwezi uno usanathe, chifukwa eni nyumba kuno akufuna kudziwa ngati ndikutuluka. Akakana, musandibisire pofuna kundisangalatsa. Ndidzasokereranso khadi ija m'jekete n'kufuna kachipinda kotchipa kufupi ndi alamu anu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ngati akumvabe, kwa ana anu onse ndi zidzukulu zimene sindinazionepo. Mwana wa Chitsiriza mumuuze kuti njinga yamoto palibe, koma simbi yanga ndikubwera nayo, ndipo akafuna ndidzamuphunzitsa ntchito imene yandidyetsa zaka makumi atatu. Bambo akewo muwapatsenso moni. Mwamva bwino, ndati muwapatse.

Chipinda chikapezeka ndidzakuuzani tsiku. Mudzabwere pa siteji ndi wilibala ya katundu, osati ndi anthu olira. Ndidzatsika ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Wachisamba wa mayi