Mayi Akapendekeka Ndimawagwira, Iwo N'kukwiya

Aphungu,

Mayi anga abwera kuno ku Leicester kudzakhala nawo pa ukwati wanga mwezi wamawa. Chaka chatha anagwa kwathu ku Zomba n'kuvulala m'chiuno. Iwo anachira, koma ine mantha sanandichoke. Akaimirira kuti ayende, amayamba apendekekera kaye kumbali, ndiye ine ndimathamanga n'kuwagwira mkono zolimba. Ndikatero mapazi awo amangokakamira pansi.

Lamlungu lapitali basi ya ku Evington inatisiya pa siteji titagwirana ngati tikulimbana. Anandikalipira anthu akuona: "Iwe Tionenji, tandisiya! Ndine thumba la chimanga ine?"

Tsopano akuti ndikapitiriza sadzavina pa perekaniperekani, adzangokhala pampando ngati mlendo. Aphungu, mwana wamkazi ndine ndekha, ndipo chovala cha tsikulo anasoketsa kale. Zikundiwawa. Kodi ndiwasiye agwe?

T.K., Leicester

T.K. mwanawe,

Mayi akowo sakugwa, akunyamuka. Taimirira pompano, mapazi atalikirane pang'ono, uyese kutukula lamanzere thupi osalisuntha. Zakanika eti? Thupi limayamba lasamutsira kaye kulemera kwake ku mwendo wotsalawo, n'kuweramira kutsogolo pang'ono, ndiye phazi linalo limamasuka. Tonse timatero, kungoti achinyamatanu mumachita mwachangu osazindikira. Mayi akuchita mosamala, iwe n'kumawatsekereza pomwepo. Chikondi chako chasanduka buleki.

Leka kuwambwandira. Ima pambali pawo, upinde mkono, agwire okha akafuna. Akadzuka pampando aime kaye mpaka mutu ukhazikike. Basi ikapita, ibwera ina, si ya kumudzi iyi.

Madzulo aliwonse uziwaikira kaseti ya nyimbo za ukwatizo, agwire tebulo lolimba, azisinthanitsa miyendo pang'onopang'ono. Kuvina kumayambira pa kupendekeka komwe ukukuopako. Nsapato zikhale zafulati, zogwira chidendene, osati patapata pa kapeti.

Koma chenjera. Ngati akumva chizungulire, akukoka phazi, kapena mapazi akukakamira ngakhale iwe usanawakhudze, pita nawo kwa dokotala sabata yomwe ino, usadikire ukwati udutse.

Pa tsikulo dzanja lina lidzakhala ndi maluwa, lina ndi mwamuna, ndiye udzawagwira ndi chiyani? Mayi amenewa pokuphunzitsa kuyenda ankakusiya udzandire, mtima wawo uli m'mwamba. Lero ndi iweyo. Pirira, uwasiye avine.